Saladi Wagona: Zokambakamba za ku Petauke ndi ku Nyimba

Kukangoyamba kuzizira mu June, misika ya ku Petauke ndi ku Nyimba imagwira nkhani imodzi: saladi wagona. Chaka chino mlandu unayambira pa kantemba kena pafupi ndi siteshoni ya mabasi ku Petauke. Mayi wogulitsa vitumbuwa anagula botolo la saladi, mafuta ophikira aja, madzulo lili mbee, m'mawa n'kulipeza lachita chifunga, pansi pake pataundana zoyerayera. Anabwerera nalo atamanga chitenje m'chiuno.

"Achimwene, ine ndinafuna saladi, osati phala la mwana!"

"Amai, kamuikeni padzuwa pang'ono, adzuka yekha," anayankha mnyamata wa m'kantembamo.

Pofika masana nkhani inali itabala ana. Ena amati amasungunuliramo makandulo. Anyamata onyamula anthu panjinga amati ndi mafuta a nkhumba, ndipo mkulu wina wa mpingo wosadya nkhumba atamva zimenezo analengeza kuti kwake aziphika ndi nsinjiro zokha mpaka kutentha kwa October. Akazi ake, akutero amene analipo, anangoti, "Zikomo atate, mtondo uli kuseri, mukayambe kusinja."

Mnyamata uja sananame. Mafuta onse amene timadya, kaya ndi a nshawa, a mpendadzuwa, a mbuzi kapena a inswa, anamangidwa mofanana. Kachidutswa kake kakang'onong'ono kamatchedwa triglyceride. Kali ndi msana wamfupi wa makaboni atatu wotchedwa glycerol, ndipo pa kaboni aliyense pamangiriridwa mchira wautali wotchedwa fatty acid. Michira yambiri imakhala ndi makaboni 16 kapena 18 olumikizana, atakutidwa ndi haidirojeni. Mafuta amasiyana chifukwa cha michirayi basi. Palmitic acid, wa makaboni 16, ndi stearic acid, wa makaboni 18, ndi owongoka, popeza kaboni aliyense wakhuta haidirojeni. Oleic acid ali ndi makaboni 18 omwewo, koma pakati pake makaboni awiri agwirana kawiri, ndipo pamenepo mchira umapindika. Linoleic acid wapindika pawiri. Amene anamangapo mtolo wa nkhuni akudziwa zotsatira zake: zowongoka zimagundana bwino mtolo n'kulimba, zokhotakhota zimasiya mipata ndipo mtolo umangogwedera. N'chifukwa chake stearic acid sasungunuka mpaka kutentha kufike madigiri 69, pamene linoleic acid amakhalabe wamadzimadzi ngakhale pa kuzizira koumitsa madzi.

Saladi wina wa m'mashopu amakhala ndi mafuta a kanjedza, omwe ambiri padziko lonse amachokera ku Indonesia ndi ku Malaysia. Pafupifupi theka la michira ya mafuta amenewa ndi yowongoka, choncho usiku wa June ukawapeza amagona. Mafuta a mpendadzuwa, odzaza ndi linoleic acid, kuzizira kwa kuno sikuwagwetsa. Mulibe kandulo, mulibe nkhumba.

Aphunzitsi ena a sayansi a ku sekondale anafotokoza zimenezi pa malo ometera, n'kuwonjezapo kuti woyamba kuphwasula mafuta n'kuona zamkati mwake anali Michel Eugène Chevreul wa ku France, amene anasindikiza buku lake la mafuta a nyama mu 1823 ndipo anamwalira mu 1889 ali ndi zaka 102. Wometa anaimitsa makina. "Zaka 102 akugwira mafuta tsiku ndi tsiku? Ndiye achipatala amatiopsezeranji?" Aphunzitsi anati munthuyo amawayeza, samawamwa, koma mawu awo anamira m'phwete.

Kumene amawotcha michopo kuli lamulo lake, ndipo alonda ake ndi okhwima. Ukadya nyama ya mbuzi usamwe chozizira, akutero, mafuta angakuundanire m'mitsempha. Umboni wawo ndi uja aliyense amaudziwa, phula lomwe limamata m'kamwa nyama ya mbuzi ikazirala. Phulalo lilipodi. Mafuta a mbuzi ndi a nkhosa ali ndi stearic acid wambiri ndipo amasungunuka pa madigiri oposa 40, pamene thupi la munthu lili pa 37. A nkhuku ali ndi michira yopindika yochuluka, n'chifukwa chake samata choncho. Koma kuchoka m'kamwa kukafika m'mitsempha ndi ulendo wautali, ndipo mafuta sauyenda ali amphumphu. Chakumwa chozizira chimafunda m'mimba pasanapite nthawi. Vuto la mafuta a michira yowongoka ndi lina, loyenda pang'onopang'ono: akachuluka m'zakudya kwa zaka zambiri amakweza kolesterol woipa m'magazi, ndipo ameneyo ndiye amachepetsa njira za magazi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mafuta a mtunduwu asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zomwe munthu amapeza ku chakudya. Mbale imodzi ya michopo pa Loweruka si imene ingakugwetse. Mbale ya tsiku lililonse, mowa uli pambali, imeneyo ndiyo yofunika kuiganizira.

Ku Nyimba nkhani yafika pa mandimu. Gulu lina la amayi ochita chilimba lagwirizana kuti m'mawa uliwonse azimwa madzi otentha ofinyiramo ndimu, akuti amasungunula mafuta a pamimba. Mtengo wa mandimu pamsika wayamba kale kudzimva. Namwino wina, yemwenso ali m'gululo, anawafunsa funso limodzi.

"Amake mwana, pochinja nkhuku mumasamala chiyani pachiwindi?"

"Ndulu, asisita. Ikaphulika ndiwo zonse zawawa."

"Basi, yanu ili pomwepo, ndipo ndiyo ikugwira ntchito imene mukupatsa ndimuyo."

Apa ndiye pali nkhani yokoma kuposa mphekesera zonse. Mafuta ndi madzi sizigwirizana, chikhalirecho zonse zogaya chakudya m'thupi zimayenda m'madzi. M'kamwa ndi m'chifu mafuta amangoyambidwa pang'ono. Akatsikira m'matumbo aang'ono, kathumba ka ndulu kamafinyika n'kuthira madzi obiriwira aja, amene chiwindi chimapanga usana ndi usiku. Ndulu ili ndi timchere tomwe mbali imodzi timakonda mafuta, mbali ina timakonda madzi. Timazinga dontho lalikulu la mafuta n'kuliphwanya kukhala timadontho tosawerengeka. Ndulu payokha siidula kanthu. Wodula ndi lipase, wochokera ku kapamba, kachiwalo ka kuseri kwa chifu komwe kamatulutsanso insulin. Lipase amafika pamene mchira walumikizana ndi glycerol, n'kulowetsapo kadontho ka madzi, mfundo n'kumasuka. Amadula michira iwiri ya m'mbali, wapakati n'kuusiya pamsana pake. Zidutswa zimenezi ndi zomwe zimatha kulowa m'khoma la matumbo. Zikalowa, thupi limazilumikizanso kukhala triglyceride, n'kuzikulunga m'timipira tokutidwa ndi mapuloteni, totchedwa chylomicron. Timipirati sitilowa m'magazi pomwepo. Timayenda m'timitsempha tina toyera ngati mkaka mpaka kukathirira m'magazi cha m'munsi mwa khosi, kumanzere.

Amene anatulukira ntchito ya kapamba pa mafuta ndi Claude Bernard, wa ku France yemweyo, m'zaka za m'ma 1840, ndipo anathandizidwa ndi akalulu. Anaona kuti mwa kalulu timitsempha toyera tija timayambira patali ndithu ndi chifu, mosiyana ndi mwa galu. Atafufuza anapeza kuti mwa kalulu njira yochokera ku kapamba imathirira m'matumbo cha m'munsi, ndipo kuyera kumayambira pomwepo. Amayi a chilimba atamva za kalulu anati n'zosadabwitsa, nyama imeneyo sisowa pa mlandu uliwonse. Mandimu sanawasiye. Namwino akuti alibe nawo mawu, vitamini C alimo, bola asamathiremo masupuni atatu a shuga.

Funso lomwe lautsa mkangano waukulu ndi la anyamata a njinga pa mphambano yolowera ku Petauke kuchokera mu Great East Road. Mnzawo wina anayamba ntchitoyi ali wojintcha, pano lamba wabowola mabowo ena awiri. Mafuta ake apita kuti? Ambiri akuti anatuluka ndi thukuta. Ena akuti kuchimbudzi. Wina akulumbira kuti anasanduka minofu, n'kumaonetsa akatumba ake. Mmodzi yekha, amene anzake amamuseka kuti amawerenga kwambiri, anati anawapuma. Anamuseka mpaka ena kugwetsa njinga.

Wowerengayo ndiye analasa. Munthu akamapalasa, kapena akakhala ndi njala, mahomoni amauza maselo osunga mafuta kuti atsegule nkhokwe. Ma lipase a m'menemo amadula michira yonse itatu. Glycerol amapita ku chiwindi, komwe angasandutsidwe shuga. Michira imayenda m'magazi kukafika ku minofu, n'kulowa mu mitochondria, tizigawo ta m'maselo topangira mphamvu, momwe imadulidwa makaboni awiriawiri kuyambira kumutu. Mchira wa palmitic acid umatuluka zidutswa 8. Njira imeneyi anailongosola Franz Knoop wa ku Germany mu 1904, atadyetsa agalu michira yoikidwa chizindikiro n'kumayeza mkodzo wawo. Zidutswazo zimapsa ndi okosijeni amene timakoka popuma, ndipo chotsala ndi mpweya wa carbon dioxide ndi madzi. Mu 2014, Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengetsa m'magazini ya British Medical Journal kuti munthu akataya makilogalamu 10 a mafuta, makilogalamu 8.4 amatuluka m'mapapo monga carbon dioxide, ndipo 1.6 okha ndi amene amatuluka monga madzi, mu mkodzo, thukuta ndi mpweya womwewo. A thukuta aja tsono ali ndi kagawo kawo kochepa, ndipo akukakamira pomwepo. Kuyambira tsikulo, wina akamakwera chitunda ndi thumba la chimanga ali wefuwefu, anzake amakuwa kuti, "Pumani alamu, mafuta atuluke!"

Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena ya shuga ili ndi 4. Thupi limasunga chuma chake m'mafuta pa chifukwa chimenechi, ndipo m'chaka cha chilala ngati 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko la Zambia lili pa ngozi, nkhokwe imeneyi ndi imene inayendetsa anthu ambiri kufikira chakudya chitapezeka.

Bambo wina wogula mbewu ku Petauke ali ndi dandaulo lake. Akuti anasiya saladi, anasiya chikopa cha nkhuku, nyama ya nkhumba saiyang'ana n'komwe, koma mimba ikungotsogola. Anakadandaula kwa mlamu wake woweta nkhumba. Mlamuyo anamutengera kukhola. "Alamu, izi ndimazipatsa saladi ine? Ndi gaga basi." Yankho linathera pomwepo. Ufa ukagayika umasanduka shuga, ndipo shuga akachuluka kuposa amene thupi likufuna, mafuta amene wadya sapsa, amangosungidwa. Shuga wotsalayo chiwindi chimatha kumudula makaboni awiriawiri n'kulukanso mchira wa palmitic acid. Mitanda isanu ya nsima ndi mabotolo a zotsekemera, munthu atakhala pa sikelo tsiku lonse, zimafika kumene saladi akanafika.

Pali nkhani ina imene sindiseka nayo kwenikweni, ya chiwaya. Ana a sukulu amadziwa chiwaya chomwe tchipisi chake "chimakoma kwambiri", ndipo nthawi zambiri ndi chija mafuta ake ada bii, amene amangowonjezeredwa osatayidwa. Mafuta akamatenthedwa mobwerezabwereza amaphwasuka. Madzi otuluka mu mbatata amadula michira pa glycerol, mafuta n'kuyamba kuchita thovu ndi kufuka msanga. Glycerol akapsa amatulutsa acrolein, utsi uja umalasa m'maso. Okosijeni amaukira malo opindika a michira n'kupanga ma aldehyde, omwe ena mwa iwo ndi oipa m'thupi, ndipo zidutswa zina zimamatana mafuta n'kukhala onanda. Mafuta a mpendadzuwa, popeza ndi opindika pawiri, amaonongeka msanga pamoto kuposa a nshawa. Wokazinga sachita izi mwa nkhanza, saladi ndi wodula ndipo phindu lake ndi lochepa. Komabe mafuta akada, akayamba thovu ndi kununkha chiwawa, ntchito yawo yatha.

Mphekesera yoti ena amakazingira mafuta a mu thiransifoma imabwera chaka ndi chaka, kuno ngakhale ku Malawi. Chimene chili chodziwika n'chakuti mafuta amenewo si chakudya m'pang'ono pomwe. Ambiri amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, alibe glycerol, alibe mfundo yoti lipase adule, ndipo a m'mathiransifoma akale amatha kukhala ndi poizoni wotchedwa PCB. Amene waona zotere ndi maso ake akanene kwa oyang'anira zaumoyo, asangozinong'oneza pamsika.

Kokoma ndi kumakina oyengera mafuta. Kukolola kukatha, anthu amandandalika matumba a mpendadzuwa pa chigayo, n'kubwerako ndi zigubu za mafuta achikasu ndi keke ya nkhumba ndi nkhuku. Pamzere pamenepo mkangano ndi wa nshawa. Akuluakulu amaikira kumbuyo Chalimbana, nshawa zazikulu zokoma kukazinga. Achinyamata amati MGV4, yochokera ku malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata, ndiyo ya mafuta. Onse akunena zoona, pakuti pafupifupi theka la kulemera kwa nshawa yosenda ndi mafuta, ndipo ambiri mwa iwo ndi oleic acid, yemwe amatchukitsa mafuta a olive a ku Ulaya. Bungwe la COMACO limagula nshawa kwa alimi a m'chigawo chino n'kupanga chimponde cha It's Wild! chimene a ku Lusaka amagula m'masitolo akuluakulu. Agogo ena pamzerepo anaseka kuti chimene iwo amapera pamphero kuyambira ali namwali, lero chavala lebulo. Chenjezo lake ndi limodzi, chuku. Nshawa zosauma bwino zimamera nkhungu yotulutsa aflatoxin, yoononga chiwindi, ndipo kukazinga sikuichotsa. Zofota ndi zowola zija amayi amapatula kuti "izi ndi za nsinjiro" ndi zimene siziyenera kufika m'phala la mwana.

Mwanayo ndiye amene ndikufuna akumbukiridwe pa mikangano yonseyi. Anthu a m'tauni ayamba kuopa mafuta, ndipo mantha amenewa akufika kumidzi kumene vuto ndi losiyana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, phala la ufa woyera ndi madzi limaidzaza mphamvu zisanakwane. Pafupifupi theka la mphamvu za mu mkaka wa m'mawere limachokera ku mafuta, ndiye mwana akamachoka ku bere n'kupita ku phala lopanda kanthu amatsika kwambiri. Supuni ya nsinjiro zabwino kapena ya saladi imasintha phalalo. Linoleic acid thupi silitha kumupanga lokha, ayenera kuchokera m'mbale. Mavitamini A, D, E ndi K nawonso amalowa m'thupi atakwera m'timipira ta mafuta tija. Chibwabwa ndi bonongwe zophika ndi mchere wokha zimapereka vitamini A wochepa poyerekeza ndi zotendera. Amayi athu amene anayamba kutendera ndiwo anafika pa mfundo imeneyi kalekale, lilime likuwatsogolera.

A ku Nyimba ali ndi chonyadira pa nkhani imeneyi. Chimanga cha olenji, chokhala ndi vitamini A, chinayesedwa pa ana a m'boma lawo, ndi akatswiri a ku University of Wisconsin pamodzi ndi a Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola ndi a National Food and Nutrition Commission. Zotsatira zinatuluka mu 2014, ndipo zinaonetsa kuti chimangacho chinawonjezera vitamini A m'thupi la ana mofanana ndi mankhwala a vitaminiyo. Anapezanso chimene sanayembekezere: ana ambiri anali kale ndi vitamini A wochuluka m'chiwindi. Vitamini wosungunuka m'mafuta satuluka ndi mkodzo, amasungidwa, ndipo kuno mango ndi ambiri, shuga wa m'Zambia wakhala akuthiridwa vitamini A kuyambira 1998. Pamsika wa Nyimba mpaka lero ena amati nsima yachikasu ndi ya chaka cha njala, ena amati ndi ya ana anzeru, ndipo onse amagulitsana nthochi mwamtendere.

Amayi ena a ku mpingo aphunzira kupanga sopo ndi mafuta otsala, ndipo mmodzi akukana kusambira sopo wa "ndiwo". Soda woyabwa wopangira sopoyo amachita zomwe lipase amachita, koma mwaukali: amadula michira yonse itatu, mchira uliwonse n'kugwirana ndi sodium kukhala sopo, glycerol n'kutsala pambali. Ndi glycerol yemweyo ali m'kabotolo ka glycerine kodzola mu June. Agogo a nsatsi nawo akuti iwo anadzola mafuta achinyamata asanabadwe. Mafuta a nsatsi ali ndi mchira wawowawo, ricinoleic acid, umene ukamasulidwa ndi lipase umatekesa matumbo, n'chifukwa chake amatsegula m'mimba. Njere zake zili ndi poizoni woopsa, ana asamazitafune.

Basi yochokera ku Chipata itaima pa Nyimba sabata yatha, kondakitala wa Chibemba anatsika n'kuyamba nthabwala zake za chimbuya ndi mtsikana wogulitsa mbewa zapampani.

"Inu a kum'mawa, makoswe awa muwasiya liti? Onani mafuta ake, mudzafa ndi BP!"

"Ambuya, uyu si khoswe, ndi kapuku," anatero mtsikanayo. "Amadya mbewu zoyera za m'munda. Anyani anu aja amadya chiyani?"

Kapuku ndi mbewa yodziwikadi ndi kunona. Imakundika mafuta pansi pa khungu nthawi ya zokolola, kenaka m'miyezi yozizira imakhala phee kuuna kwake, thupi litazirala, ikudya michira yake makaboni awiriawiri. Okumba mbewa amaikonda chifukwa siithawa ndipo imadzikazinga yokha. Kondakitala anapitiriza kunyoza mpaka dalaivala analiza hutala. Okwera a kumpando wakumbuyo akuti basi isanafike pa Kacholola anamuona akutulutsa mpani m'thumba la jekete, n'kufunsa ngati pali amene ali ndi kamchere.